Ana amene ndinawasiya kunja kwa pepala

Mu Januwale 2015, Ruo ndi Shire atasefukira, ndinali ndi kaundula wa ana amene tinkawatsatira akamwa mankhwala a malungo a LA pachipatala china chaching'ono kutsidya la kummawa kwa Shire, m'boma la Nsanje. Ntchito yanga inali kuwayendera panjinga n'kulemba ngati achira. Madzi atalowa ku Makhanga, midzi inabalalika. Ena anakakhala m'misasa ku Bangula, ena anaolokera kwa abale ku Mozambique.

Patapita miyezi ndinafuna kutumiza chidule cha kafukufukuyu kumsonkhano wa madokotala ku Blantyre. Chidule chotere chimakhala ndi malire a mawu, ndipo ambiri sawerenga china choposa chimenecho. Choncho ndinalemba za ana okhawo amene ndinawapeza. Pafupifupi onse anali atachira. Ndisaname, ndinadziwerengera mokweza kawiri, mtima uli mbee.

Dokotala wina wachikulire amene ndinawapempha kuti andionere anangofunsa kuti, "Achimwene, munayamba ndi ana angati?" Ndinawauza. "Nanga enawo mwawasiya kuti?"

"Adokotala, malo ndi ochepa."

Ananditulutsira ndondomeko ya CONSORT yolembera zidule, yomwe inatuluka mu 2008. Ili ndi mfundo 17, ndipo zina mwa izo zimafuna kuti wolemba anene anthu amene analowa m'kafukufuku, amene zotsatira zawo zinawerengedwa, ndi zovuta zimene mankhwala anabweretsa. Ndondomekoyi inalembedwera kafukufuku wogawa odwala m'magulu mwamaere. Wanga sanali wotero, ndiye ndinayesa kubisala pamenepo. Iwo anangoseka.

Chinandibaya n'chakuti ana osowawo ndinkawadziwa. Anali a kutali ndi chipatala, amene tsopano ankagona m'matenti, madzi odikha ali pakhomo, udzudzu ukuswana. Ngati panali ana oti malungo n'kuwabwereranso, anali iwowo. Powasiya, zotsatira zanga zinawala popanda kulemba bodza ngakhale limodzi, ndipo wowerenga wa ku Lilongwe akanati kuchigwa zonse zili bwino.

Usiku womwewo ndinafufuta chiganizo chimene ndinkachinyadira kwambiri, n'kuikapo ziwerengero ziwiri: amene tinayamba nawo ndi amene ndinawapeza. Chidulecho chinaoneka chonyozeka, koma ndinachitumiza choncho.

Kaundula uja ndikadali naye. Masamba ake anafufuma ndi chinyezi, ndipo kutsogolo kwa maina ena mzere udakali wopanda kanthu.