Kudutsira ku Dubai pa ulendo wa kumudzi: dziwani izi musananyamuke

Abale ndi alongo, sukulu za kuno ku Scotland zimatsekera kumapeto kwa June, ndipo mabanja ambiri timanyamuka nthawi imeneyi kukaona makolo. Chiyambire 2004 pamene ndege za Emirates zinayamba kutera pa bwalo la ndege la Glasgow, ambiri a ife timadutsira ku Dubai, kenako Lusaka, Nairobi kapena Johannesburg, n'kukafika ku Lilongwe kapena Blantyre. Ena timafuna kutsika tsiku limodzi kapena awiri kuti tione mzindawu. Paja safunsa adadya phula, choncho tiyeni tikumbutsane zingapo.

Choyamba ndi nyengo. Dubai ndi mzinda wa m'chipululu, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Mu July ndi August kutentha masana kumapitirira madigiri 40, ndipo chinyontho cha m'nyanja chimachititsa kuti thukuta lisaume. Amene munakhalako ku Nsanje mu October mukhoza kuyerekeza, koma ku Dubai ngakhale usiku sikuzizira. N'chifukwa chake boma lawo limaletsa ntchito za padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 June kufika pa 15 September. Ngati eni dziko amathawa dzuwa limenelo, ife tisalimbane nalo. Tiyende m'mawa kapena dzuwa litalowa, botolo la madzi lili m'manja, ndipo ana ndi agogo tiziwamwetsa asanadandaule ludzu.

Amene mukuyenda pa Khirisimasi muli ndi mwayi. Mu December ndi January masana kumakhala pafupifupi madigiri 25, madzulo kamphepo kayaziyazi. Mvula ya chaka chonse imakhala pafupifupi mamilimita 100, pamene kuno ku Glasgow imapitirira 1,000. Koma ikati igwe, madzi amasowa kolowera. Pa 16 April 2024 misewu inasefukira ndipo anthu ambiri anagona pa bwalo la ndege. Choncho mankhwala, matewera ndi zovala zosinthira za ana zizikhala m'chikwama cha m'manja.

Jekete ya ku Glasgow musaiike pansi pa sutikesi. M'masitolo ndi m'bwalo la ndege makina oziziritsa mpweya amaomba ngati m'filiji, komanso kumudzi mukafika mu July mukapeza chisanu ndi chiperoni.

Chachiwiri ndi mapepala. Amene ali ndi pasipoti ya Britain amadindiridwa viza pofika, koma wa pasipoti ya Malawi ayenera kuipeza asananyamuke ngati akufuna kutuluka m'bwalo la ndege. M'mabanja mwathu ambiri ana ali ndi pasipoti ina, makolo ina, ndiye musaganize kuti zonse zidutsa mofanana. Kampani ya ndege imathandiza kupeza viza ya maola 48 kapena 96. Ophunzira, onetsetsaninso kuti chilolezo chanu chobwerera kuno sichitha muli paulendo. Onaninso malangizo a boma la Britain okhudza maulendo, poti zochitika m'chigawo chimenecho nthawi zina zimasokoneza ndege.

Chenjerani ndi mankhwala. Mapiritsi okhala ndi codeine, monga co-codamol amene timangogula ku famase kuno, komanso tramadol, kumeneko ali pansi pa malamulo okhwima ndipo munthu akhoza kumangidwa nawo. Ngati ndi anu, tengani kalata ya dokotala, pemphani chilolezo ku boma lawo, ndipo akhale m'mabokosi mwake. Phukusi limene mnzathu watipatsira kuti tikasiye kumudzi tizilitsegula pamaso pake. Chibale sichitha chifukwa cha zimenezo.

Mayendedwe ndi osavuta. Sitima ya Metro, imene inayamba mu 2009, imaima pa Terminal 1 ndi 3, ndipo mumalipira ndi kadi yotchedwa Nol. Muli chigawo cha amayi ndi ana okhaokha. Abambo mukalowamo mulipira chindapusa. Ku Deira kuli misika ya golide ndi zokometsera ndiwo, ndipo timabwato totchedwa abra timaolotsa anthu kupita ku Bur Dubai pa mtengo wochepa. Ana amasangalala kuona Burj Khalifa, nyumba yotalika mamita 828. Mapulagi a magetsi ndi omwewa a kuno ndi kwathu. Nthawi yawo ili patsogolo pa ya Glasgow ndi maola 3 m'chilimwe ndi 4 m'nyengo yozizira, ndipo pa ya Malawi ndi maola 2. Sinthani wotchi, ndege ingakusiyeni.

Pomaliza, kumeneko n'kwa eni. Tivale modzilemekeza, mapewa ndi mawondo zophimba, monga timachitira kwa apongozi. Tisajambule munthu osapempha, tisatukwane, ndipo mowa tisamwere pamsewu. M'mwezi wa Ramadan tilemekeze amene akusala, monga timachitira ndi abale athu a ku Mangochi.

Amene mwadutsako posachedwa, tiuzeni zimene mwaona pa msonkhano ukubwerawu kuti anzathu apindule. Muyende bwino, ndipo mukapereke moni kumudzi.