Waya wopita kwa anganga

Nyumba zathu za kuno kunyanja sizinamangidwe kuti anthu onse azisonkhana malo amodzi. Abambo ndi alendo awo amakhala pabalaza kapena pakhonde, amayi amachezera kumpanda pafupi ndi moto, anyamata ali ndi mphala yawo, ndipo anganga amene miyendo inayamba kukana amagona m'kanyumba kawo kuseri. Koma wailesi yabwino kapena kanema nthawi zambiri imakhala imodzi yokha, ndipo malo ake ndi pabalaza. N'chifukwa chake kuyambira kale takhala tikusinkhasinkha za m'mene mawu omveka pabalaza angafikire munthu amene sangathe kubwerapo.

Yankho lathu loyamba linali waya. M'mudzi uliwonse simusowa mnyamata wa manja aluso amene amachotsa sipika mu wailesi yakufa, n'kuikhazika pakamwa pa mtsuko kuti mawu azituluka onenepa, kenako n'kuyendetsa waya pamwamba pa khoma, pansi pa denga, mpaka kukafika kukhitchini. Ndi nzeru yomweyo imene timaiona kumzikiti, kumene waya wochokera kwa Sheikh umanyamula khutba ya Lachisanu kukaitula kumbali ya amayi. Motero ulaliki wa pa Radio Islam umamupeza mayi akupala nsomba, ndipo Qur'an imamupeza nkhalamba ili gone pamphasa. Sipikayo ikati zii, chifukwa chake chimaoneka ndi maso: mwina khoswe wadula waya, mwina dzimbiri ladya polumikizira. Timapala nsonga ziwirizo, kuzipota, kukulungapo pulasitiki, mawu n'kubwerera.

Kanema atafika tinachitanso chimodzimodzi, kukoka chingwe kuchokera pa dikoda kupita ku TV yachiwiri, ngakhale kuti onse ankaonera chinthu chimodzi. Kenaka abale athu a ku Joni anayamba kutumiza tizipangizo tosafuna waya n'komwe. Kotchuka kwambiri ndi Chromecast, kamene kampani ya Google inatulutsa m'chaka cha 2013. Kukula kwake sikaposa bokosi la machesi kwenikweni; mumakabaya kumbuyo kwa TV, foni n'kukauza choti kaonetse, iko n'kukatenga chinthucho pa intaneti pakokha. Panalinso kena, Chromecast Audio, kolumikiza ku sipika wamba. Tisabise, tizipangizoti n'tokoma. Munthu amene miyendo yake siingamufikitsenso kumzikiti wa m'mudzi mwake amatha kuona mizere ya Taraweeh ya ku Makkah ali m'chipinda chake, popanda wina kuboola khoma.

Chimene ambiri a ife sitinkachidziwa n'chakuti mtundu wa zipangizo zimenezi uli ndi manda ambiri. Kampani ya Microsoft inali ndi pulogalamu yotchedwa Windows Media Center, imene inkasandutsa kompyuta kukhala nkhokwe ya nyimbo ndi mafilimu a banja lonse, ndipo makampani ena ankapanga mabokosi otungira m'nkhokwemo kupita kuzipinda zina. Windows 10 itatuluka m'chaka cha 2015, pulogalamuyo munalibemo. Slingbox, bokosi limene linkalola munthu kuonera TV yakunyumba kwake ali kutali, linaleka kugwira ntchito mu Novembala 2022, eni ake atazimitsa makompyuta a kampani amene mabokosi onse ankadalira. Mabokosiwo sanapse ndipo sanagwe pansi. Anali athunthu, nyali zikuyaka, koma opanda wowayankha. Chromecast Audio analeka kuipanga mu 2019, ndipo mu Ogasiti 2024 Google inalengeza kuti yasiya kupanga Chromecast imene.

Nkhani imene ikutikhudza kwambiri ife Asilamu inachitika pa 9 Marichi 2025, mwezi wa Ramadhan utangotha sabata imodzi. Tsiku limenelo, padziko lonse, ma Chromecast a mtundu wotuluka mu 2015 pamodzi ndi ma Chromecast Audio anakana kugwira ntchito. Palibe chimene chinathyoka. M'kati mwa kachipangizo kalikonse muli chiphaso chosaoneka ndi maso chimene kamasonyeza kwa foni kuti n'kenikeni, ndipo chiphasocho chinalembedwa kuti chidzatha pakapita zaka 10. Zakazo zinakwana usiku umodzi, foni n'kuyamba kukakana ngati mlendo wopanda kalata. Kampani inakonza vutolo patapita masiku angapo. Koma taganizirani banja limene linazolowera kudya daku likumva Qur'an kudzera m'kachipangizoko. Mnyamata wathu wa manja aluso uja, ngakhale akanakhala katswiri wa boma lonse la Mangochi, sakanachitapo kanthu, pakuti chodukacho sichinali pansi pa denga lathu.

Apa m'pamene mtima wathu ukukayika. Tikagula bwato, ndi lathu kufikira litawola, ndipo wosema sabwera usiku kudzalimanga pagombe. Koma zipangizo zatsopanozi timazigula ndi ndalama yathunthu, chikhalirecho theka lake limatsala m'manja mwa wogulitsa, kutsidya kwa nyanja zamchere. Tsiku limene adzaone kuti sizikumupindulitsanso, sadzatifunsa. Ndipo ndalama imene inagulira si yotola: ndi thukuta la mwana wathu amene akugona m'kachipinda kopanikizana ku Johannesburg kapena ku Durban. Chipembedzo chathu chimatiletsa kumwaza chuma, ndipo ife tikuona kuti kugula chinthu chimene tsiku la imfa yake lili m'thumba la munthu wina kuyenera kutichititsa kaye kakasi.

Tsogolo la zipangizozi likuvutanso pa chifukwa china. Opanga zinthu sakuonanso phindu m'nkhokwe imodzi yodyetsa nyumba yonse. Njira imene akulowera ndi yakuti chipinda chilichonse chikhale ndi TV yakeyake yolowa yokha pa intaneti, ndipo munthu aliyense akhale ndi foni yake. Kwa iwo zimenezi ndi malonda ochuluka. Kwa ife ndi bandulo yochuluka, pakuti mafunde a wailesi amalowa zipinda 10 pa mtengo wa batire limodzi, pomwe intaneti imawerengera aliyense payekha. Pali chinanso choposa ndalama. Waya uja umanyamula chinthu chimodzi kupita kwa onse. Sheikh akanena mawu olasa pa nkhani ya miseche kapena ngongole, amene ali pabalaza ndi amene ali kumpanda amawamva pamodzi, ndipo pa futari pamakhala chokambirana, nthawi zina chosekana nacho. Lero mwana amalowa m'chipinda, n'kutseka makutu ndi timahedifoni, ndipo kholo silidziwa ngati akumvera Qur'an kapena zina zimene sangayerekeze kuziika pa sipika. Sitikunena kuti ana onse ndi okhota. Ambiri aloweza ma sura kudzera pa foni yomweyo. Tikungoona kuti sipika ya mumtsuko ilibe chinsinsi.

Achinyamata adzasamukira ku chilichonse chimene chidzabwere, sadzavutika. Amene adzatsale m'mbuyo ndi anganga, amene maso awo saonanso tizilembo ta pa foni, amene chala chawo chinazolowera batani limodzi loyatsa ndi kuzimitsa. Kwa iwo chipangizo chikafa, kachipinda kamangokhala chete, ndipo mwa ulemu wawo sadandaula. Amangoti ana atanganidwa.

Pakhomo pathu tinagwirizana kuti chipangizo chilichonse chisanalowe m'nyumba tizichifunsa mafunso atatu. Kodi chimagwira ntchito intaneti ikachoka? Kodi chili ndi kabowo kolowetsa waya wa sipika wamba? Kodi chimawerenga memori khadi kapena fulashi? Qur'an yonse, ya wowerenga amene anganga amamukonda, imakwana pa kamemori khadi kamodzi n'kutsala malo, ndipo ikalowamo palibe wakutali amene angaizimitse. Achimwene athu a ku Joni ataimba kufunsa choti atumize Ramadhan isanafike, tinawayankha kuti atumize kawailesi kotchajira pa sola kolowa memori khadi, ndipo ngati m'chikwama mwatsala malo, aikemo waya wa sipika wokwana mamita 20. Anaseka pa foni, n'kufunsa ngati waya watha m'sitolo za pa Mangochi.