Anasiya Gulu Koma Mpira Sanausiye

M'dziko la Zambia kunyozana kwa masewera ndi mwambo wakale. Mngoni ndi Mbemba akakumana pa msika kapena m'basi, sipatenga nthawi kuti wina achule za mbewa ndipo mnzake abwezere za anyani, anthu onse nkumaseka. Koma cimbuya cimeneci cili ndi lamulo lake: wonyoza yemweyo ndiye amafika pa maliro kudzatema nkhuni, kuphika nsima ndi kukumba manda. Masiku ano kwabuka kunyozana kwa mtundu wina m'magulu a okonda mpira pa intaneti, ndipo mmisiri wina wa matabwa wa ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, anakhala m'gulu lotere zaka 12 asanatulukemo.

Bamboyu anayamba kukonda Manchester United mu 1999, ali mnyamata wa pa sukulu, caka cimene timuyo inatenga zikho zitatu motsogoleredwa ndi Alex Ferguson. Masiku amenewo mpira anali kuuonera pa wailesi yakanema ya mnansi, anthu atathithikana m'cipinda cimodzi, ndipo mkangano unali kutha mwini nyumba akatseka citseko. Mu 2011 iye anagula foni yokhala ndi intaneti nalowa m'gulu la masapota pa Facebook. Pa 28 Ogasiti caka comweco United inagonjetsa Arsenal ndi zigoli 8 kwa 2. Usiku umenewo mmisiriyo analemba mau onyoza masapota a Arsenal, atawakometsera ndi miyambi ndi nthabwala, ndipo mauwo anawerengedwa mpaka ku Kitwe ndi ku Johannesburg. Posakhalitsa anamsankha kukhala mmodzi wa oyang'anira gululo.

Zabwino zinalimo ndithu. M'gulumo anaphunzira kulemba momveka, kusunga ziwerengero m'mutu ndiponso kuweruza pakati pa anthu okwiya. Mnzao wina atagonekedwa m'cipatala, masapota anasonkha ndalama namtumizira. Munthu amene masana anali kudziwika ndi ogula mipando okha, usiku anali kufunsidwa maganizo ndi anthu a m'mizinda imene sanapondemo.

Koma ulemu umenewu unali ndi mtengo wake. Masewera ena a zikho za ku Ulaya amayamba 22 koloko nthawi ya ku Zambia ndi kutha pakati pa usiku, ndipo mkangano wa m'gulu unali kufika mpaka tambala woyamba. Ferguson atapuma pa nchito mu 2013, atatenga ligi ka 13, timuyo inadutsa m'manja mwa David Moyes, Louis van Gaal, José Mourinho ndi Ole Gunnar Solskjaer popanda kuitenganso ligiyo. Mphunzitsi aliyense anali kugawa gululo pawiri, ofuna kuti akhale ndi ofuna kuti acoke, ndipo milandu yonse inali kugwera woyang'anira. M'mawa maso olemera anali kuphonya muyeso, ndipo kangapo thabwa la mukwa, lodula ndalama zambiri, linacekedwa lalifupi. Mkazi wake anazolowera kuyamba wafunsa ana za zigoli za dzulo asanapemphe ndalama ya ndiwo.

Cotayika cacikulu cinali cibale. Mmisiriyo ali ndi msuweni wake ku Katete, wokonda Arsenal kuyambira ubwana. Pa cisuweni kuseleulana nkololedwa, pakuti omvera amadziwa malire ake. Koma dzina la msuweniyo litalowa m'nthabwala za usiku wa zigoli 8 uja, alendo osamdziwa anazitola nazipitiriza, mpaka anafika potukwana makolo ake. Msuweniyo sanadandaule kwa munthu aliyense. Anangoleka kufika ku Kapata, ndipo zaka zinapita.

Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Pa 5 Marichi 2023 Liverpool inagonjetsa United ndi zigoli 7 kwa 0 pa bwalo la Anfield. Adani a timuyo anafukula mau aja a mu 2011 nawabweza kwa mwini wake, ndipo iye anawalandira, podziwa kuti ndilo lamulo la masewera. Cimene cinamlasa mtima cinacokera kwa anzake a mbali imodzi. Atawapempha kuti aleke kutukwana osewera, anthu amene kwa zaka 12 anali kumuchula kuti mbale anamtembenukira, nanyoza nchito yake ndi banja lake lomwe. Pamenepo anazindikira kuti mwa onsewo, odziwa khomo la nyumba yake sanali kukwana zala za dzanja limodzi. Sabata isanathe anapereka uyang'aniro kwa wina natuluka m'gulumo.

Kutuluka kunali kowawa kuposa m'mene anali kuganizira, monga kusamuka pa mudzi popanda wokuperekeza. Dzanja linali kupita lokha m'thumba kukafuna foni. Madzulo anatalika, ndipo panalibenso womfunsa maganizo ake pa za mphunzitsi kapena wosewera watsopano. Gulu linapitiriza ngati kuti sanakhalemo, ndipo ena anali kunena kuti wathawa manyazi a zigoli 7. Anthu owerengeka okha ndiwo anapitiriza kumuimbira foni, ndipo amenewo ndiwo akhala mabwenzi ake mpaka lero.

Pang'onopang'ono anaona kuti luso limene anali kuyesa kuti ndi la gulu linali lake, ndipo anatuluka nalo. Mutu uja wosunga zigoli unayamba kusunga buku la ogula, la ngongole ndi la matabwa. Analandira anyamata awiri ophunzira umisiri. Anakhalanso mlembi wa timu ya ana a m'komboni, kumene kuweruza mkangano nkovuta koposa, cifukwa amene wamdzudzula lero udzakumana naye mawa pa mpopi wa madzi. Kumeneko anaphunzira kuyesa mau asanawanene, monga ayesera thabwa asanaliceke.

Amalume ao ndiwo anakumanitsa asuweni awiriwo pa mudzi ku Katete. Mau ao anali ocepa: "Ana inu, eni ake a matimuwo amagwirana canza mpira ukatha. Nanga inu a magazi amodzi mukulimbirana ciani?" Pa Ciweru, pa 25 Meyi 2024, pamene United inagonjetsa Manchester City ndi zigoli 2 kwa 1 ku Wembley nitenga cikho ca FA, awiriwo anaonera pamodzi. Msuweniyo anamseleula kuyambira pa ciyambi mpaka pa mapeto, kenaka anadya nsima m'mbale imodzi. Mmisiriyo sanalembe kanthu usiku umenewo.

Mu Julaye caka comweco anakhala pansi ndi mwana wake wamkazi kuonera Copper Queens pa masewera a Olympics ku France. Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu, komabe Zambia inagonja kwa Australia ndi zigoli 6 kwa 5. Onse awiri anamva cisoni, nakambirana za masewerawo kwa kanthawi, nakagona. M'mawa mwake mwana anapita ku sukulu, atate ake ku nchito.

Bamboyu akali kuikonda United, ndipo ikagonja mtima umamuwawa monga kale. Cimene cinasintha ndi cakuti zocitika pa bwalo la ku England sizilamuliranso tulo take, nchito yake ndi mtendere wa pa nyumba pake. Saletsa anyamata ake kulowa m'magulu otere, pakuti amadziwa zabwino zimene iye anapezamo. Amangowalangiza kuti aziseka ndi onse, koma mnyozo waukulu aziusungira munthu amene tsiku la cisoni adzafika pakhomo atanyamula khasu.