Ku Park Avenue Ndalama Zokha Sizikugulira Khomo

Mu mzinda wa New York, m'dziko la America, muli dera lotchedwa Upper East Side. Lili pa chilumba cha Manhattan, kum'mawa kwa paki yaikulu ya Central Park, kuyambira pa msewu wa 59 mpaka pa msewu wa 96. Ndinadutsa m'deralo tsiku lina Lachisanu, pa galimoto ya mbale wina wochokera kuzambwe kwa Africa amene amayendetsa takisi mumzindamo. Tinali paulendo wokaswali Juma. Zimene ndinaona ndi kumva panjirayo ndizo ndafuna kukufotokozerani, abale ndi alongo.

Tinatsata msewu wa Park Avenue. Ndi msewu wotakata, pakati pake pali kapinga ndi maluwa, ndipo pansi pake pamadutsa sitima zapamtunda zimene munthu saziona. Mbali zonse kuli nyumba zansanjika za njerwa ndi miyala yosema. Pakhomo pa nyumba iliyonse pali kadenga ka nsalu kofika kumsewu, ndipo pansi pake paima mlonda wovala yunifolomu yosita bwino. Iyeyu ndiye amatsegula chitseko, kuitanira takisi, kulandira katundu ndi kubweza aliyense wosadziwika.

Ndinafunsa mnzangayo kuti fulati imodzi imagulidwa ndalama zingati. Iye anaseka nati, "Aphunzitsi, kuno funso loyamba si mtengo ayi. Funso ndi lakuti, kodi eni ake akukufunani?"

Nyumba zambiri za kumeneko n'zamgwirizano, zimene amazitcha co-op. Mwini wake wa nyumba yonse ndi kampani, ndipo eni kampaniyo ndi anthu omwe akukhalamowo. Munthu akati wagula fulati, kwenikweni wagula masheya m'kampaniyo, ndipo masheyawo ndiwo amam'patsa ufulu wokhala m'zipinda zakezo. Mwezi ndi mwezi aliyense amasonkha ndalama zolipirira alonda, msonkho wa nyumba, kutenthetsa m'nyumba nthawi ya chisanu ndi kukonza zowonongeka. Amasankhanso komiti yoyang'anira zonsezi.

Komitiyi ndiyo ili ndi mphamvu zodabwitsa. Ngakhale wogulitsa ndi wogula atagwirizana mtengo, malonda sangatheke komiti isanavomere. Wogula amapereka mapepala a kubanki, a msonkho, ndi makalata a anthu omuchitira umboni kuti ndi wakhalidwe. Kenaka amaitanidwa kukafunsidwa mafunso maso ndi maso. Nyumba zina sizilola n'komwe kugula ndi ngongole. Pamapeto pake komiti itha kungonena kuti ayi, osapereka chifukwa chilichonse.

Musaganize kuti okanidwa ndi anthu wamba okha. M'chaka cha 1979 a Richard Nixon, amene adakhalapo pulezidenti wa dzikolo, adafuna kugula fulati pa msewu wa 72, koma okhalamo adatsutsa mpaka iwo adagwa mphwayi. Mu 1985 woimba wotchuka Madonna adakanidwa m'nyumba ya San Remo, kutsidya lina la Central Park. Okhala m'nyumba zotere amaopa phokoso, atolankhani ndi chipwirikiti cha anthu pakhomo.

Pa mphambano ya msewu wa 71 mnzanga anandilozera nyumba ya nambala 740 Park Avenue. Idamalizidwa mu 1930, ndipo adaijambula ndi katswiri wina dzina lake Rosario Candela. Woimangitsa anali James T. Lee, agogo ake a Jacqueline Kennedy, mayi amene pambuyo pake adakhala mkazi wa pulezidenti. John D. Rockefeller Jr. adakhalamo m'fulati ya zipinda zoposa 30. Koma kunja kwake simungadziwe kanthu: palibe chikwangwani, palibe mpanda. Antchito ndi obweretsa katundu ali ndi khomo lawolawo la pambali ndi chikepe chawo.

Tisaunyoze wonse mchitidwe umenewu. Anthu akasonkherana pa chinthu chimodzi amachisamala, ndipo nyumba za zaka pafupifupi 100 zikuonekabe zolimba. Komanso si olemera okha amene amakhala motere. Ku Bronx, mumzinda womwewo, kuli Co-op City, kumene mafulati oposa 15,000 adamangidwira mabanja opeza pang'ono. Vuto lagona pa mawu aja akuti "ayi" wopanda chifukwa. Kale nyumba zambiri za m'dera la olemerali zinkatsekera kunja Ayuda ndi anthu akuda. Lamulo la mu 1968 lidaletsa kusankha anthu pa nkhani ya nyumba chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo, koma wokanidwa popanda kuuzidwa chifukwa angapereke umboni wotani?

Titangodutsa msewu wa 96 dziko linasintha ngati tawoloka mtsinje. Njanji ija inatulukira poyera, maluwa a pakati pa msewu anatha, ndipo tinali talowa ku East Harlem, dera la anthu ogwira ntchito wamba. Pamalire pomwepo, pa Third Avenue, pali mzikiti wa Islamic Cultural Center of New York umene udatsegulidwa mu 1991. Nyumba zonse za m'mbali mwake zidatsata mizere ya misewu, koma mzikitiwo udakhotetsedwa kuti uyang'ane ku Makka.

Panja panali takisi zachikasu zambirimbiri. M'kati ndinaima pa mzere pakati pa bambo wina wovala suti yodula ndi mnyamata amene zovala zake zinali ndi penti. Palibe anandifunsa mapepala a kubanki kapena kalata ya umboni. Ndinavula nsapato, mzere unandipatsa malo.

Pobwerera ndinakumbuka kwathu kunyanja, kumene mnansi sitimusankha. Timam'peza alipo, timapala naye moto, timakoka naye khoka, maliro akagwa ndiye woyamba kufika. Achinyamata athu ambiri amalota za kunja, ndipo kulota si mlandu. Koma mukadzaona zithunzi za nyumba zimenezi, dziwani kuti kuseri kwa chitseko chowalacho kuli komiti, ndipo ngakhale munthu amene adalamulirapo dziko lonselo adabwerera pakhomo.