Nkhadze ya M'malire

Kwa Changata m'boma la Thyolo, kumene tiyi wa m'maesiteti adatenga mitunda yachonde n'kusiyira eni mudzi timinda tonga chikhatho, kuli gogo wina amene sagona tulo akamva chikwanje chikulira kumpanda wake wa nkhadze. Mpandawo adaubzala malemu amayi ake, ndipo ndiwo umasonyeza pothera munda wa mbumba yawo.

Chaka china mdzukulu wake wa Fomu 4 adadula mitengo itatu ya mpandawo, ati imatchinga chimanga. Utomoni woyera udamugwera m'diso, ndipo adalira ngati khanda. Chidamupulumutsa ndi madzi ambiri amene adamutsuka nawo asanapite naye kuchipatala.

Mnyamatayo, pochita manyazi, adayamba kufufuza za mtengo umene udamulangawo. Iye ankayesa kuti nkhadze ndi "cactus", monga anthu ambiri amaganizira akaona chomera chonenepa chopanda masamba. Mabuku adamutsutsa. Kwawo kwa banja la cactus ndi ku America. Kuno kudamera mtundu umodzi wokha wachilengedwe, Rhipsalis baccifera, umene umalendewera m'mitengo ya m'nkhalango zachinyontho. Nkhadze, imene akatswiri amaitcha Euphorbia tirucalli, ndi mbale wake wa chinangwa ndi nsatsi. Kufanana kwake ndi cactus kudadza chifukwa cha ludzu: zonse zimasunga madzi m'thupi, ndipo timabowo topumira ta pa tsinde timatseguka usiku kukazizira, kuti madzi asatayike ndi dzuwa.

Adawerenganso kuti zomera zotere zidakopa ofufuza kalekale. John Buchanan wa ku Zomba ankatumiza zomera ku Kew, ndipo mu 1895 mtundu wina wa alovera udatchedwa Aloe buchananii. Mu 1954 G.W. Reynolds adalemba kabuku ka mitundu ya alovera ya m'Nyasaland. Chodandaulitsa n'chakuti mayina a anthu akumudzi amene ankalozera alendowo pomera zomerazi sadalowe m'mayina a Chilatiniwo.

Gogo uja adamvetsera zonsezi akusenda chinangwa.

"Mwawerenga bwino, achimwene," adatero, "koma taonani pamene mwadula paja."

Mnansi wawo adali atalowetsa kale mizere iwiri pampatapo. Mlandu udafika kwa nyakwawa. Kalata ya malo padalibe, mboni zakale zidatha kumwalira. Nyakwawa idangopempha khasu, nifukula pamalo a mkanganowo mpaka zitsa zitatu zidaonekera, zikuchuchabe utomoni. Mnansiyo adafafaniza mizere yake osanena kanthu.

Nthambi zimene mnyamata adaponya kudzala zidali zisanafote ngakhale padapita milungu itatu. Gogo adazitola, nazizika pampata paja, mdzukulu wake akukumba maenje atatembenuzira nkhope kumbali.