Pa Phiri la Montmartre Sikuta Inakwera Munthu

Ku Paris achinyamata ambiri amayenda pa timasikuta tamagetsi, tija munthu amakwera choimirira. Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira kumeneko, ali nako kake. M'mphepete mwa mtsinje wa Seine, pomwe njira ndi yosalala, ankandisiya kutali n'kumakuwa kuti, "Fulumirani amalume!" Lamulo la ku France limalola timasikutati kuthamanga mpaka makilomita 25 pa ola, pamene ine wapansi sindinkapitirira 5.

Zinthu zinatembenuka titafika ku Montmartre, phiri lomwe pamwamba pake pali tchalitchi cha Sacré-Cœur. Misewu ina kumeneko ndi yoyala miyala, ndipo timatayala tija tinkangodumphadumpha mpaka manja a mnyamatayo anachita dzanzi. Pa masitepe ndiye anachita kukapinda n'kukasenza paphewa, kulemera kwake ngati ndowa ya madzi. Ine ndinkakwera pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, n'kumaima mtima ukagunda kwambiri. Sindinadandaule, poti adokotala anandiuza kale kuti matenda anga a shuga amafuna kuyenda kotere tsiku lililonse.

Eni mzindawo nawonso anatopa ndi timasikuta tobwereka, timene anthu ankangosiya paliponse m'njira za oyenda pansi. Pa voti ya mu April 2023, pafupifupi 90 mwa ovota 100 alionse anakana, ndipo kuyambira pa 1 September makampani obwereketsa analetsedwa. Togula wekha n'tololedwabe.

Madzulo batire linatha tikadali kutali ndi kunyumba. Tinabwerera limodzi tikucheza, iye akukankha kasikuta kake.