Wansembe wa ku Roma mu holo yathu

Loweruka lina madzulo, titatsekera Sabata, tinasonkhana mu holo kuti tionere filimu. Ambirife tinkayembekezera zoseketsa, koma aphunzitsi athu a mbiri yakale anabweretsa filimu ya Chitaliyana yopanda mitundu, yotchedwa Roma città aperta. Tinang'ung'udza. Anyamata angapo anatuluka isanafike n'komwe pakati.

Filimuyi anaikonza ndi Roberto Rossellini. Anayamba kujambula mu Januwale 1945, patangopita miyezi yochepa asilikali a Germany atachoka mu mzinda wa Roma, nkhondo ikadali mkati kumpoto kwa Italy. Ndalama zinali zoperewera, ndipo zambiri anajambulira m'misewu momwe anthu anali atangozunzikira kumene. Pali pena pomwe Pina, mayi woyembekezera, akuthamangira lole imene yanyamula mwamuna woti akwatirane naye tsiku lomwelo. Asilikali akumuwombera pamsewu, mwana wake akuona. Anna Magnani anasewera gawoli potengera imfa yeniyeni ya Teresa Gullace, yemwe anaphedwa mu Marichi 1944. Mu holo munangoti zii.

Ku Italy si onse olemba ndemanga amene anaiyamikira poyamba. Kunja ndiko inatchuka msanga: mu 1946 inakhala miyezi yambiri ikuonetsedwa ku New York, inalandira mphoto yaikulu ku Cannes, ndipo Sergio Amidei ndi Federico Fellini, omwe analemba nkhani yake, analowa pa mndandanda wa opikisana pa Oscar. Ku West Germany anailetsa kwa zaka zambiri. Akatswiri ena a pambuyo pake amati imakokomeza, makamaka pojambula mkulu wa Gestapo ngati chilombo chopanda umunthu. Pamenepo tikuvomerezana nawo pang'ono.

Koma chimene chinativuta ife n'china. Tinakula tikumva dzina loti Roma pa maphunziro a Danieli ndi Chivumbulutso, ndipo tikalimva timakhala tcheru. Tsono apa munthu wolimba mtima ndi Don Pietro, wansembe wa Chikatolika, amene akuika moyo wake pachiswe pothandiza Manfredi, Mkomyunizimu. Akumukakamiza kuonerera Manfredi akuzunzidwa mpaka kufa, koma sakuulula kanthu. Akutemberera ozunzawo, kenako akudzidzimuka ndi mawu ake omwe n'kupempha Mulungu kuti amukhululukire. M'mawa mwake akumumangirira pampando. Asilikali a Italy akuphonya dala, ndiye Mjeremani akumumaliza ndi mfuti yaing'ono, ana a kutchalitchi kwake akuimba likhweru kuseri kwa mpanda. Wansembe weniweni, Giuseppe Morosini, anaphedwa powomberedwa ku Roma mu Epulo 1944.

Pobwerera kogona tinakangana. Ena ankati filimu sisintha chiphunzitso, ndipo n'zoona, palibe amene anasiya zimene amakhulupirira. Mlongo wina anangofunsa kuti akanatigogodera ife usiku munthu wosapemphera, apolisi ali pambuyo pake, chitseko tikanatsekula? Tinafika pakhomo la hostelo tisanamuyankhe, woyang'anira akutiuza kuti nthawi yozimitsa magetsi yakwana.